Zomwe timaponyera agalu athu ndi zomwe zikuwapha

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga oweta agalu kuno ku Salima, kuyambira pa Kamuzu Road mpaka ku Senga Bay ndi Lifuwu uko. Galu akafa mwadzidzidzi pakhomo timathamangira kunena kuti aneba amuthirira tameki mpaka anthu kusiya kupatsana moni, koma nthawi zina chamupha ndi chinthu chomwe tinamuponyera tokha kapena anakatola kudzala chifukwa analibe choseweretsa.

Galu kutafuna ndi chibadwa chake. Kamwana ka galu kamakhala ndi mano 28, amayamba kuguluka pa miyezi 3 kapena 4 ndipo pofika miyezi 7 kamakhala katamera mano 42 achikulire. Nthawi imeneyo nkhama zimakayabwa koopsa nde kamaluma chilichonse, mapatapata, chaja ya foni, mphasa, miyendo ya mpando, ife nkumangokamenya basi osakapatsa chake choti kazitafuna.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi chitsononkho. Tikamaliza kudya mondokwa timangoponya pansi galu nkuwakha, ana nkumasekelera kuti akusewera. Chitsononkho sichigayika mmimba mwa galu ayi, akameza chidutswa chimakatseka matumbo, muona wayamba kusanza, nsima akukana, chimbudzi sakuchita, mukamugwira pamimba akulira ndipo masiku ochepa okha wapita. Nthangala za mango nazo chimodzimodzi, ndipo mvula ikayandikira zimangoti mbwee paliponse. Chikatsekeka choncho palibe mankhwala azitsamba kapena mafuta ophikira omwe angathandize, pamafunika opaleshoni, ndipo ambiri aife zimenezo ndi za ku Lilongwe ku bungwe losamalira zinyama la LSPCA kapena kwa madokotala a ziweto olipira, ulendo wa makilomita pafupifupi 100, transipoti yake taganizani. Kutola chitsononkho nkukachiponya pamoto sikulira ndalama.

Mafupa ophika a nkhuku amasweka mosongoka nkubaya kummero ndi matumbo, minga ya chambo ndi kampango osanena. Koma ife akunyanja tili ndi vuto lathulathu, mbedza. Tsiku lina padooko ndinaona galu atameza mbedza yomwe inali ndi usipa wanyambo, chingwe chikulendewera pakamwa, dovu lili chuchuchu, akudzikanda kukamwa ndi miyendo yakutsogolo, anyamata ena amafuna akoke chingwecho kuti ituluke. Chonde musamakoke, mbedza imang'amba mkati. Mugwireni asameze chingwe chotsalacho nkuthamangira naye kwa a vetenale. Asodzi anzathu nanu musamasiye mbedza zanyambo ndi zidutswa za ukonde pamchenga.

Mpira wachikulunga wa majumbo uja ndi wa ana osati galu, akaung'amba amameza mapulasitiki ndi malabala omangira aja. Zidole za pakaunjika nazo musangogula chifukwa zatchipa, zambiri zili ndi timaso tapulasitiki tomwe timazuka msanga, thonje mkati, zina zoimba zija zili ndi timabatire ting'onoting'ono tomwe timawotcha mmimba.

Nanga timupatse chani? Mpira wa labala wolimba, waukulu woti sungalowe wonse mkamwa mwake. Galu wamkulu kampira kakang'ono kamamutsamwa. Ngati ndalama palibe tengani jinzi yakutha, chotsani mabatani ndi zipi, idulenidule mizere italiitali, lukani nkumanga mfundo mbali zonse, muzikokerana naye. Mukatha muisunge pamwamba, ndipo ulusi ukayamba kusomphoka itayeni chifukwa ulusi wautali nawo umapota matumbo. Chinthu cholimba mwakuti chikhadabo chanu sichikulowa olo pang'ono, monga mwala, chimathyola mano. Nsapato yakutha musamupatse, iye sasiyanitsa ndi ya kutchalitchi ija.

Nthawi yosewera nayo tiziiona. Kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala tonse timakudziwa, mchenga wake ngati chiwaya cha tchipisi. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amadziziziritsa ndi wefuwefu uja, nde kumuthamangitsa masana dzuwa lili paliombo nkumupweteka. Ikani dzanja pansi kaye, likakuwotchani ndiye kuti mapazi ake nawo apsa. Sewerani naye mmamawa kapena madzulo madzi akumwa ali pafupi, ndipo zomuponyera zinthu mmadzi kufupi ndi mabango kapena kumathiriro a mtsinje wa Linthipe ayi, kuli ng'ona.

Ndikudziwa ena akuti za azungu izi, galu ndi mlonda, ukamasewera naye amapusa. Ine ndikukana. Galu womangidwa patcheni tsiku lonse pansi pa mtengo, osathamanga, osatafuna kanthu, ndi amene amati akamasuka amaluma mwana wa pakhomo pomwepo kapena kukagwira nkhuku za eni. Wosewera ndi mbuye wake amamva akaitanidwa, mukati siya amasiya, ndipo usiku kuuwa amauwabe bwinobwino.

Popeza osewera ndi agalu kwambiri ndi ana, katemera wa chiwewe asamaphonye chaka chilichonse. Dzino likamukanda mwana posewera tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kenako kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira. Ndikupempha alangizi a ziweto a ku ofesi ya zaulimi ya Salima ADD kuti anthu akamabwera ndi agalu kudzabayitsa, makamaka nyengo ya pa 28 Seputembala lomwe ndi tsiku lokumbukira matenda a chiwewe padziko lonse, aziwauzako za zitsononkho ndi mbedzazi, chifukwa pamzere paja ndi pomwe mungapeze eni agalu ambiri malo amodzi.

Wokonda ziweto,
Senga Bay, Salima