Wapolisi anathyola mkono wa mlongo wanga, pano akufuna tikambirane pakhomo

Azakhali,

Chonde ndithandizeni maganizo, kwathu kuno tagawanika ndipo ine mutu waima. Mlongo wanga ndi wakabaza, njinga yamoto imene amayendetsa si yake ndi ya bwana wina amene amalandira zake madzulo alionse. Mwezi wathawu apolisi anamugwira alibe helemeti, zimenezo sitikukana, koma mmalo momulipiritsa chindapusa wapolisi mmodzi anayamba kumuthira makofi eti wayankha mwamwano, kenako nkumumenya ndi chibonga pamkono munthu ali kale mu unyolo. Anthu anaona, ndipo mayi wina wogulitsa mandasi pomwepo anajambula pa foni, vidiyoyo ndili nayo ananditumizira pa WhatsApp.

Anamutsekera m'chitokosi Lolemba nkudzatuluka Lachisanu osapita naye kukhothi, chonsecho malamulo amati munthu akamangidwa akaonekere kukhothi pasanathe maola 48. Kuti atuluke tinapereka K40,000 yopanda lisiti, pamene pakhoma pa ofesi yomweyo pali chipepala cholembedwa kuti belo ya kupolisi ndi yaulere, ine ndinkawerenga ndalama ndikuyang'ana chipepalacho. Mkono unali utatupa mpaka malaya tinachita kudula ndi lumo. Kuchipatala anati kuti adokotala alembe lipoti tikatenge kaye kalata ya kupolisi, ndiye tangoganizani kubwerera kwa anthu omwe akuvulaza aja kukapempha kalata yoti ukawanenere. Tinaipeza komabe. Anamujambula, fupa linathyoka, pano ali ndi chikhakha ndipo mwini njinga anapatsa kale munthu wina.

Ndinakadandaula kwa mkulu wa pasiteshoni, anandilandira bwino ndithu nkulemba mu buku, akuti tifufuza. Chimene tamva nchakuti wapolisi uja amusamutsira kwina basi, yunifolomu akuvala malipiro akulandira. Kodi transifa ndi chilango Azakhali? Ine ndikuona ngati angomuchotsa pamaso pathu.

Tsono chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Lamulungu lapitali wapolisi uja anabwera kunyumba kwa amayi atavala zawamba, limodzi ndi amalume ake, anakhala pamphasa mwaulemu zedi nkutulutsa K300,000 akuti ya mankhwala, bola tifufute vidiyo ndipo nkhani ithere pompo. Amayi akufuna tilandire. Akuti boma sulimbana nalo, akuti mwana wa eniyo ali ndi ana akachotsedwa ntchito tchimo likhala lathu, komanso zoona zake pakhomo ufa watha chifukwa amatidyetsa ndi yemwe wavulalayo. Mlongo wangayo sakuyankhula zambiri, iye mantha ake ndi oti akachira abwerera pamsewu womwewo ndipo anzake a wapolisiyo ali pomwepo tsiku ndi tsiku, njinga ya kabaza kuipezera chifukwa sikuvuta. Ine ndekha ndi amene ndikukana, moti achibale ayamba kunditi ndimadzimva sukulu.

Ndakhala ndikufunsafunsa. Ndamva za Independent Complaints Commission, bungwe lolandira madandaulo okhudza apolisi limene lili m'lamulo la apolisi la 2010 ngakhale linachedwa zaka zambiri kuyamba ntchito, ndipo ilo si la apolisi eni ake. Kulinso Malawi Human Rights Commission, bungwe loona za ufulu wa anthu, ndi Legal Aid Bureau ya ife osakwanitsa kulipira loya. Amayi ndinawakumbutsa za ku Msundwe, amayi ndi atsikana 18 amene anachitidwa nkhanza ndi apolisi mu 2019 khothi lalikulu nkulamula mu 2020 kuti boma liwapatse chipukuta misozi, komanso za Buleya Lule amene anafera m'manja mwa apolisi mu 2019 yomweyo, mkazi wake anadzapepesedwa ndi ndalama. Amayi akuti zimenezo zinatheka chifukwa zinamveka dziko lonse ndipo kunali maloya ambiri, wakabaza wothyoka mkono angamulabadire ndani. Apa ndinasowa chowayankha.

Ndiye ndiuzeni, tikalandira ndalamazi ndiye kuti tadzitsekera tokha njira ya kukhothi, kapena mwina nafenso tikhala tapalamula pofufuta umboni? Nanga tikati tisume timasumira wapolisiyo payekha kapena boma? Wina wandiuza kuti posumira boma umayamba walembera Attorney General, loya wamkulu wa boma, nkudikira kaye miyezi, ife ndalama zodikirira tilibe. Kodi nkotheka kukadandaula ku Commission kuja uku mlandu wa chipukuta misozi ukuyenda, kapena umasankha chimodzi? Ndipo K40,000 ya belo ija popanda lisiti tingaitchule kapena tingodziputira zina? Mayi wa mandasi uja wanena kale kuti dzina lake lisamveke, kaya vidiyo payokha imakwana popanda mwini wake kuimirira.

Ine sindikufuna munthu afe ndi njala ayi, ndikufuna mkono wa mlongo wanga ulipiridwe moyenera ndiponso zilembedwe penapake kuti bambo ameneyu anachita zotere, asakathyolenso wina kumene wapitako. Amalume ake aja anati abweranso kumapeto kwa mwezi kudzamva yankho, chonde ndiyankheni asanafike.

Mlongo wodandaula,
Blantyre