Mayi wachiyuda asamazengedwe mlandu wa boma la Israel pa misonkhano ya amayi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani imene ife a m'mabungwe a amayi timailambalala ngati pali minga.

Chaka chatha ndinali pa msonkhano wa amayi a m'maiko a kummwera kwa Africa kuno. Pa nthawi ya tiyi, mayi wina wa ku Johannesburg, amene m'mawa womwewo anatiphunzitsa bwino zedi za nyumba zothawirako amayi omenyedwa, anapepesa kuti Lachisanu achoka dzuwa lisanalowe chifukwa cha Sabata, poti iwo ndi Myuda. Mnzathu wina, kapu ili m'manja, anawafunsa kuti, "Ndiye inu mukuti bwanji za ana a ku Gaza?" Patebulo panangoti zii. Mayiwo anayankha mofatsa kuti nawonso zimawapweteka mumtima. Mawa lake nkhomaliro anadya okha. Ine sindinasunthe mpando wanga kukakhala nawo, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Bala limeneli ndi lakale. Pa msonkhano woyamba wa amayi wa United Nations ku Mexico City mu 1975, chikalata chomaliza chinaika Zionism, ganizo loti Ayuda akhale ndi dziko lawolawo, pamzere umodzi ndi utsamunda ndi tsankho la apartheid. Leah Rabin, mkazi wa nduna yaikulu ya Israel panthawiyo, ataimirira kuti alankhule, nthumwi zambiri zinatuluka m'chipindamo. Mu November chaka chomwecho msonkhano waukulu wa UN unavomereza mfundo nambala 3379 yonena kuti Zionism ndi tsankho. Malawi anali m'gulu la maiko ochepa a mu Africa amene anaikana, ndipo mu 1991 mfundoyo inafafanizidwa. Pa msonkhano wachiwiri wa amayi ku Copenhagen mu 1980 zinafika poipa. Amayi achiyuda a ku America, ena a iwo otsutsa ndithu boma la Israel, anabwerera kwawo akudandaula kuti ankakuwizidwa ndi kunyozedwa chifukwa cha mtundu wawo basi. Letty Cottin Pogrebin, mmodzi mwa oyambitsa magazini ya Ms., analemba za madandaulo amenewa mu 1982.

Chondisangalatsa n'chakuti mkangano umenewu pa misonkhano ya amayi unathetsedwa pa nthaka ya Africa. Ku Nairobi mu 1985 msonkhano wachitatu wa amayi unatsala pang'ono kusokonekera pa liwu lomwelo la Zionism, koma nthumwi za Kenya zinathandiza kuti lichotsedwe, m'malo mwake alembe kuti akukana tsankho la mtundu uliwonse. Chikalata chinadutsa onse atagwirizana. Pa Yunivesite ya Nairobi panali tenti ya mtendere, mmene amayi a mbali zolimbana ankakangana maso ndi maso, mawu okwera, koma aliyense ali mkati.

Musandimve molakwa. Kudzudzula boma la Israel si kudana ndi Ayuda. Amayi a ku Gaza amene abereka popanda mankhwala, amene aika ana awo m'manda, nkhani yawo iyenera kumveka pa msonkhano uliwonse wa amayi, ndipo mokweza. Chimene ndikukana n'chakuti mayi wa ku Johannesburg, amene savota ku Israel, aziyamba wayankha mlandu wa boma la Netanyahu la ku Israel asanapatsidwe mpando. Kodi ife tikapita kunja timafunsidwa kaye za zolakwa za maboma athu tisanalandire tiyi? Nanga mayi wachisilamu tingamufunse za Boko Haram? Tonse tingati kumeneko n'kupanda ulemu, ndipo tingakhale tikunena zoona.

Timaiwalanso msanga. Ray Alexander, amene anathandiza kukhazikitsa Federation of South African Women mu 1954, anali Myuda wobadwira ku Latvia. Ruth First, amene anaphedwa ndi bomba lobisidwa m'kalata ku Maputo mu 1982 chifukwa cholimbana ndi apartheid, analinso wa banja lachiyuda. Helen Suzman, Myudanso, anakhala zaka 13 ali phungu yekhayo wa chipani chake mu nyumba ya malamulo ya ku South Africa, akufunsa mafunso amene boma la azungu silinkafuna kumva.

Ndipo pa za nkhanza zogwiririra, ife timaphunzitsa kumidzi kuti mayi akadandaula timvetsere kaye. Pambuyo pa chiwembu chimene gulu la Apalestina la Hamas linachita ku Israel pa 7 October 2023, bungwe la UN Women linatenga pafupifupi miyezi iwiri kuti lidzudzule gululo molitchula dzina. Mu March 2024 nthumwi ya UN, Pramila Patten, inati pali zifukwa zomveka zokhulupirira kuti amayi anagwiriridwa tsikulo. Lipoti lomwelo linatchulanso madandaulo a Apalestina osungidwa m'ndende. Onsewo ndi amayi anzathu.

Pempho langa kwa okonza misonkhano ndi laling'ono. Pa pepala la malamulo limene timasainira pakhomo, pamene timalemba kuti sitilola tsankho la khungu, chipembedzo kapena ulumali, onjezanipo chidani cha pa Ayuda, mochitchula dzina. Ndipo wapampando akamva funso ngati lija la patebulo la tiyi, alidule pomwepo.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma, Zomba