Tiphunzitsidwe kuyesa kulimba kwa miyala

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za miyala yamtengo wapatali ya rube ndi safiro imene imapezeka kuphiri la Chimwadzulu kuno ku Ntcheu. Ambiri mwa ife timaweruza mwala poona kufiira kwake kokha, pamene chimene chimasiyanitsa miyala kwenikweni ndi kulimba kwake.

Mu 1812, katswiri wa za miyala Friedrich Mohs anakonza muyeso wa kulimba kwa miyala woyambira pa 1 mpaka 10, umene umatsatira mfundo yakuti mwala wolimba umakanda wofewa. Rube ndi safiro zili pa 9, ndipo pamuyesowu zimaposedwa ndi daimondi yekha. Mwala woyera wa quartz uli pa 7, kotero umasiya mzere pagalasi lofiira limene wachinyengo angakugulitseni, koma rube weniweni sungamukande.

Ndikupempha akuluakulu oona za migodi kuti abwere kumidzi yathu kudzaphunzitsa anthu kayesedwe kameneka.

Wowerenga wanu,
Ntcheu