Za njinga ija ndi mdima wa pa M1

Aise,

Uthenga wako wa pa WhatsApp, wa njinga yamoto ija unagula kuti mng'ono wako azichitira kabaza, ndinaumva, koma nkhani iyi si yoyankha ndi mawu a mphindi imodzi, n'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba. Kuno tili bwino, kungoti kukuzizira koopsa. Dedza ukumudziwa mwezi wa June, madzi a m'ndowa amachita kuluma zala. Amayi ndinawaona Lamlungu potuluka m'tchalitchi, ali bwino, bondo lija lokha ndi limene likuwavutabe.

Njinga inafika, ndipo mng'ono wako waizolowera msanga. Masana amayendetsa bwino ndithu. Ndinamuona tsiku lina atakweza mayi wina ndi thumba la kachewere, akukhota pa siteji osagwedezeka n'komwe. Chandidetsa nkhawa ndi ndalama ya patsiku imene mwagwirizana. Iwe ku Joniko wawerengera monga zinalili chaka chimene unachoka. Lero akabaza achuluka, pa siteji pamakhala njinga zambiri kuposa anthu ofuna kukwera, ndipo mafuta adakwera mtengo. Kuti apeze yako n'kutsalako ndi ya ndiwo, mnyamatayo akuweruka cha m'ma 10 usiku. Munthu woti wangotha miyezi iwiri yokha pa handulo.

Paja sindinakufotokozerepo bwino mmene ndinathyokera fupa la phewa. Ndinkachokera ku Lizulu tsiku la msika, nditatsitsa kasitomala, kutada kale. Nditatsala pang'ono kufika pa Bembeke, kutsogolo kunatulukira thiraki magetsi ake ali pa fulu. Ndinaphethira getsi langa kuti adime, dalaivala osalabada. Kulakwa kwanga kunali koti ndinayang'ana magetsi akewo, ndipo sindinachepetse liwiro. Thiraki itadutsa, m'maso mwanga munangotsala zobiriwira zokhazokha. Poti ndiyambe kuona, ngolo iyi! Yodzaza nkhuni, yopanda nyali, yopanda kanthu kalikonse kowala kumbuyo, ng'ombe zikuyenda mwakachetechete ngati pa dambo. Ndinaponda buleki, tayala lakumbuyo linatsetsereka, kenako ndinangomva anthu akufunsana ngati ndikupuma.

Ndili chigonere m'chipatala ndinawerengera. Ukamathamanga makilomita 60 pa ola, pa sekondi imodzi umadya mamita pafupifupi 17. Maso akachita khungu masekondi atatu okha, ndiye kuti wayenda mamita 50, theka la bwalo la mpira, usakuona chilichonse. Ine ndinali ndi zaka zinayi pa njinga ndipo zinandichitikira. Nanga iyeyo? Chimene ndinaphunzira n'choti galimoto ikabwera ndi fulu, maso uwathawitsire kumanzere, m'mphepete mwa phula, n'kubweza mafuta. Koma zimenezi dzanja limachita lokha pokhapokha utazolowera, ndipo kuzolowera sikubwera ndi miyezi iwiri.

Getsi la tinjinga tathuti nalonso n'lonyenga. Pa zambiri kuwala kwake kumatsatira injini: ukachepetsa moto, nalo limafooka, pa nthawi yomweyo imene ukufuna kuona bwino. Ukakweza munthu wonenepa ndi katundu, kumbuyo kumatsika, getsi n'kumaunika nthambi za mitengo m'malo mwa msewu. Dzenje usiku limaoneka ngati chigamba chakuda cha phula, umalidziwa kuti ndi dzenje tayala litalowa kale. Mahampu a pa malo ochitira malonda ambiri utoto udafufutika. Ndipo m'mbali mwa M1 muja phula lidadyeka, pali malo ena pamene ukangotsika pang'ono pothawa basi, kubwereranso pamwamba n'kugwa.

China chimene anyamata atsopano sachidziwa ndi galimoto ya diso limodzi. Ukuona getsi limodzi kutsogolo, ukuti ndi njinga inzako, malo alipo ambiri, mwina n'kuyamba kupitirira wanjinga yakapalasa. Osadziwa kuti ndi lole imene getsi lake la mbali ya pakati pa msewu lidafa, ndipo theka la loleyo likubwera mumdima molunjika iwe. Nawonso madalaivala amatinamizira chimodzimodzi. Getsi limodzi laling'ono amaliona ngati lili kutali, n'kulowa mumsewu kapena kuyamba kupitirira mnzawo. Ine masiku ano getsi limodzi lililonse ndimalitenga ngati lole mpaka litandidutsa.

Zina ukuzidziwa kale, sizinasinthe chichokereni iwe. Thiraki ikafa pamsewu amangothyola nthambi n'kuyala pa phula, ndipo akaikonza amanyamuka n'kusiya nthambi ndi miyala yomwe anatsekera matayala pomwepo. Amakala amayenda usiku ndi mbandakucha, matumba atatambalala uku ndi uku. Agalu, mbuzi, ndi madala ochokera kokamwa kachasu atavala jekete yakuda, akuyenda pakati pa msewu ngati pabwalo pawo.

Koma miyezi inoyi mdani wamkulu ndi nkhungu ndi chisanu. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu nkhungu ikatsika, fulu sathandiza, kuwala kumangobwerera m'maso mwako ngati waunika khoma lopaka laimu. Galasi la chipewa limachita nthunzi ndi mpweya wako womwe. Chipewa chimene chinabwera ndi njingayo chili ndi galasi lakuda, la dzuwa, ndipo lakalikakalika kale. Ndiye usiku mnyamatayo amalikweza m'mwamba, mphepo n'kumamutulutsa misozi, kapena amangovula chipewacho n'kuchikoleka pa handulo. Dzulo ndinamugwira manja atangofika, zala zili gwa ngati chinangwa chouma, alibe magolovesi. Chala chotero chimachedwa kukoka buleki. Dzinja likadzafika kudzakhala ngumbi, zimene zimathamangira getsi n'kumakumenya kumaso.

Ndinazungulira njingayo n'kupeza kuti getsi lakumbuyo silikuyaka. Iye sankadziwa n'komwe, nanga munthu angadzione kumsana? Babu limaduka ndi mabampu a misewu yafumbi. Ndiye taganiza, minibasi yothamangira ulendo womaliza ikubwera kumbuyo kwake mu nkhungu. Ndinamugulira babu ndi ndalama yanga, usavutike nazo.

Za achifwamba sindinena zambiri, ndingakusowetse tulo. Ungodziwa kuti amene amalanda njinga amabwera ngati makasitomala, usiku, osanenerera mtengo, n'kutchula mudzi wakutali. Wakale pa ntchitoyi amakana ulendo wotero. Amene ndalama ya bwana sinakwane amavomera.

Ukadzabwera pa Khirisimasi ndidzakutenga tikaone odwala mafupa ku Kamuzu Central, kumene anamangako chipatala cha mafupa chija amati LION. Madokotala akhala akudandaula pa wailesi kuti ovulala pa njinga za kabaza ndi amene akudzaza mabedi. Ndipo kuchoka kuno kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 80. Munthu wothyoka ntchafu pakati pa usiku, kuti apeze galimoto yomutengera, n'kukhala kutacha.

Pempho langa nali. Tsitsa ndalama ya patsiku, ngakhale kwa miyezi isanu ndi umodzi yokha, ndipo umuuze wekha ndi pakamwa pako kuti 6 koloko ikakwana njinga izikhala italowa m'nyumba. Ine ndikamuuza amangoseka, amati achimwene akufuna ndalama yawo. Amakuopa iweyo, ndipo sangakuuze kuti zikumuvuta. Pa ndalama ya mwezi uno usalandireko kanthu, igule zipewa ziwiri za galasi loyera, jekete yonyezimira ija ndi magolovesi. Yotsalayo ayambire za laisensi ku Road Traffic ndi inshuwalansi, chifukwa pakadali pano alibe pepala lililonse, ndipo chimenechi n'chifukwa chinanso chimene amakondera usiku, akuti apolisi apamsewu amakhala ataweruka.

Ndikudziwa kuti ndalama imeneyi unaivutikira, ndipo ukufuna ibwerere msanga kuti umalize nyumba ija. Malata adikira. Amayi sindinawauze chilichonse, usawatchulire.

Undiimbire Loweruka madzulo ukaweruka, ndidzakhala naye pompano kuti mulankhulane ndili pomwepo. Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa pa Dedza