Kalata kwa mphwanga yofotokoza za galimoto ya mipando itatu

Wokondedwa mphwanga Madalitso,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi amayi ako ndi azing'ono ako. Amayi ako andiuza kuti wakhala ukufunsa chimene chimachititsa kuti galimoto ina izithamanga kuposa inzake, ndiponso kuti iweyo ukuganiza kuti nkhani yonse yagona pa kukula kwa injini. Injini ndi yofunikadi, koma ndikufuna ndikufotokozere za galimoto yotchedwa McLaren F1, imene amene anaipanga ankasowa tulo poganizira kulemera kwake kuposa china chilichonse.

Mkulu amene anatsogolera ntchitoyi ndi Gordon Murray, yemwe anabadwira ku Durban m'dziko la South Africa m'chaka cha 1946. Ali mnyamata anadzipangira yekha galimoto ya mpikisano, ndipo mu 1969 anapita ku England, kumene anagwira ntchito yokonza mapulani a magalimoto a mpikisano wa Formula One ku kampani ya Brabham, kenako ku McLaren. Mu 1988, iye ndi akuluakulu a McLaren akudikira ndege pa bwalo la ku Milan, anagwirizana zopanga galimoto yoyenda mu msewu wamba imene idzaposa ena onse. Anaipangira m'tauni ya Woking ku England, ndipo anthu anaiona koyamba ku Monaco mu 1992.

Utatsegula chitseko chake, chimene chimatsegukira m'mwamba, chinthu choyamba kukudabwitsa chingakhale mpando wa dalaivala, chifukwa suli kumanja kapena kumanzere, koma pakati penipeni. Mipando ina iwiri ili m'mbali mwake, chakumbuyo pang'ono. Murray anachita zimenezi kuti dalaivala aziona msewu mofanana mbali zonse ziwiri, kuti miyendo yake iziwongoka bwino osapanikizidwa ndi malo a matayala akutsogolo, komanso kuti thupi lake lisamalemeretse mbali imodzi. Kulowamo kokha ndiye kumavuta, popeza munthu amayenera kudutsa pamwamba pa mpando wa m'mbali kuti akafike pa wake.

Tsopano timve za kulemera. Galimoto yolemera imachedwa kunyamuka, imavuta kuiimitsa, ndipo ikafika pokhota imafuna kupitirira molunjika ngakhale dalaivala atakhotetsa chiwongolero. Ukaikulitsira injini, umakhala wathetsa vuto loyamba lokha, koma ukaipepukitsa, mavuto atatu onsewa amachepa nthawi imodzi. N'chifukwa chake thupi la galimotoyi sanalipange ndi chitsulo, koma ndi carbon fibre. Uwu ndi ulusi wakuda wowonda kuposa tsitsi lako, umene amauluka n'kukhala nsalu. Amisiri amaiyala nsaluyo m'chikombole ndi manja, ina pamwamba pa inzake, itanyowetsedwa ndi zomatira zapadera, kenako amaiwotcha mu uvuni mpaka itauma gwa. Chimene chimatuluka chimakhala cholimba kwambiri koma chopepuka, moti chidutswa chachikulu ukhoza kuchinyamula ndi dzanja limodzi.

Murray ankafuna kuti galimoto yonse ilemere makilogalamu 1,000 okha. Sanakwanitse, chifukwa inathera pa makilogalamu pafupifupi 1,140, koma taona mmene anavutikira pofuna kufikapo. Anakana kuikamo makina othandiza kupepukitsa chiwongolero, anakana makina othandiza phazi popondereza mabuleki, ndipo anakananso zida zimene zimaletsa matayala kukhukhuluzika munthu akaponda mabuleki mwadzidzidzi. Ngakhale masipanala amene ankabwera ndi galimotoyi anawapanga ndi titanium, chitsulo chopepuka kuposa chimene amapangira masipanala wamba. Kwa ine, zochotsa zida zothandiza pa mabuleki zinali zolimba mtima mopitirira, popeza galimoto yotere imafuna dalaivala wodziwa ntchito yake, ndipo si onse a ndalama zogulira amene anali odziwa kuyendetsa.

Za injini, Murray anayamba wapempha kampani ya Honda ya ku Japan, koma sizinatheke. Amene anavomera ndi a BMW a ku Germany, motsogoleredwa ndi katswiri wina dzina lake Paul Rosche. Anapanga injini ya masilinda 12 ndi malita 6.1, ya mphamvu yoposa mahosipawa 600 (hosipawa ndi muyeso wa mphamvu ya injini), pamene magalimoto ang'onoang'ono ambiri amene umawaona mu msewu amakhala ndi mahosipawa ongopitirira 100. Murray anakana kuti aikemo turbo, chipangizo chimene chimapopera mpweya wambiri mu injini, chifukwa ankafuna kuti dalaivala akangoponda moto, injini iyankhe nthawi yomweyo osazengereza. Injiniyo anaiika kumbuyo kwa dalaivala koma kutsogolo kwa matayala akumbuyo, kuti chinthu cholemera kwambiri chikhale chapakati pa galimoto.

Injini yamphamvu chonchi imatentha koopsa, ndipo kutenthako kukhoza kuwononga carbon fibre. Pofuna kuteteza thupi la galimoto, amisiri anamata golide weniweni m'chipinda cha injini, wopsapsala kwambiri, wokwana pafupifupi magalamu 16 pa galimoto iliyonse. Utatsegula kumbuyoko ungaone chikasu chonyezimira chitazungulira mapaipi a utsi, ndipo ungaganize kuti n'chokongoletsera. Ayi ndithu. Golide amabweza kutentha bwino kwambiri, ndipo akhoza kusulidwa n'kukhala wopyapyala moti sawonjezera kulemera.

Mdani wina wa liwiro ndi mpweya. Liwiro la galimoto likawirikiza kawiri, mphamvu imene mpweya umaikankhira m'mbuyo imawirikiza kanayi, ndipo mpweya womwewo ukalowa molakwika pansi pake ukhoza kuinyamula, matayala n'kusiya kugwira msewu. Magalimoto ambiri othamanga amakhala ndi chiphiko chachikulu kumbuyo chowapanikizira pansi, koma McLaren F1 ya mu msewu ilibe. M'malo mwake anakonza kunsi kwake kuti mpweya uzidutsa mwaliwiro n'kumaikokera pansi, mothandizidwa ndi mafani awiri ang'onoang'ono a magetsi. Kumbuyo kuli kachitseko kamene kamadzuka kokha dalaivala akaponda mabuleki ali pa liwiro lalikulu, kuti galimoto isagwedezeke.

Zonsezi zitaphatikizana, zotsatira zake zinaoneka mu 1998 pa msewu woyesera magalimoto wa Ehra-Lessien ku Germany, pamene dalaivala Andy Wallace anaithamangitsa pa liwiro la makilomita 386 pa ola. Kuti umvetse bwino, pa liwiro limenelo galimoto imadutsa bwalo lonse la mpira, kuchokera golo ina kukafika golo inzake, pa sekondi imodzi yokha.

Chosangalatsa n'chakuti Murray sanaipange kuti izichita mipikisano, koma anthu ena amene ankaigula anaumirira mpaka kampaniyo inakonza mtundu wa mpikisano wotchedwa F1 GTR. Malamulo a mpikisano anachititsa kuti injini yake aichepetse mphamvu, moti ya mpikisanoyo inali ndi mahosipawa ochepa poyerekeza ndi ya mu msewu. Ngakhale zinali choncho, mu 1995 inapambana mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans m'dziko la France, mvula ikugwa kwa nthawi yaitali, ndipo kanali koyamba kuti ipikisane nawo kumeneko. Pamene ankasiya kupanga magalimotowa mu 1998, anali atapanga 106 okha, ndipo 64 mwa iwo ndiwo anali a mu msewu wamba.

Undiperekere moni kwa amayi ako ndi kwa agogo.

Ndine malume ako,
Yamikani