Amwene, za ansembe ndi ndale zija

Amwene,

Muli bwanji uko ku Johannesburg? Kuno tilipo, mvula yachedwa koma chimanga chamera ndithu. Amayi anu ndinawaona Lamulungu ku Misa yoyamba, ayamba kuyendera ndodo koma mukwaya mawu ndi omwe aja.

Voisi noti yanu ija ndaimvera kawiri, imene mukuti ansembe azingolalikira Uthenga Wabwino basi, zandale awasiyire andale. Poyamba ndinaseka kenako mtima unandipweteka pang'ono. Inuyo amwene mwaiwala kuti pa 8 Malichi 1992 tinakhala benchi imodzi, Lamulungu loyamba la Lenti, abambo mfumu akuwerenga kalata ya maepiskopi ija? Tinali ana inde koma ine ndimakumbukira tchalitchi chonse chili zii, ngakhale wotsokomola panalibe, ndipo potuluka bambo anga anatikoka dzanja kuti tiyeni kunyumba musayankhule ndi munthu panjira.

Nanga munali chani mukalatamo? Simunalembedwe kuti Kamuzu achoke ayi. Amanena za malipiro ochepa a anthu ogwira ntchito, ana kuthithikana m'makalasi opanda mabuku ndi aphunzitsi, zipatala zosowa madotolo, anthu kutsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, komanso zoti munthu wopanda khadi ya chipani amabwezedwa pamsika ndi padepoti ya basi. Khadi ija si inu amene mumabwereka ya achimwene anu popita kumsika? Tandiuzani ngati zimenezo ndi ndale kapena ndi moyo wa akhristu omwe amadzaza tchalitchi.

Boma linati kalatayo njoukira, kupezeka nayo unali mlandu, Archbishop James Chiona ndi anzawo anaitanidwa kupolisi, malo osindikizira mabuku a Montfort ku Balaka anatenthedwa, Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko muno. Koma patangotha chaka ndi miyezi itatu, pa 14 Juni 1993, anthu anakavotera nyali, chizindikiro cha ndale za zipani zambiri, pa riferendamu. Lero inu mukutukwana boma pa Facebook muli phee ku Joni, ufulu umenewo mukuona ngati unagwa ndi mvula?

Pena ndikugwirizana nanu. Wansembe akaima paguwa nkumatiuza chipani choti tivotere, kapena kumulandira wandale ngati mfumu chifukwa wabwera ndi envelopu ya pepa sande, ine zimandinyansa kwabasi, ndipo ndinalankhulapo kumphakati kwathu mpaka amayi ena anandikwiyira mwezi wathunthu. Wansembe wotereyo wagulidwa. Koma kunena kuti mankhwala akubedwa m'zipatala si kugulidwa, wodwala amene akamwalire ndi yemweyo wansembe akamudzoze mafuta usiku.

Komanso zoti chikhulupiriro nkungotseka maso nkumati ameni, ayi amwene. Anyamata athu ofuna unsembe amayamba aphunzira filosofi ku seminale ya Kachebere zaka zingapo asanapite ku St Peter's ku Zomba kukachita za umulungu, cholinga chake nchoti munthu azitha kufunsa kuti chifukwa chani. Ndiye mumuphunzitse kuganiza zaka zonsezo kenako mumuuze kuti akaona feteleza akusowa atseke pakamwa?

Mundiyankhe koma polemba, ma voisi noti a maminitsi 12 aja amandithera bandulo. Amayi akuti juzi ija munalonjeza ifike Juni asanakwane. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine wanu,
mnzanu wa benchi yakumbuyo