Mbiri ya parishi isakhale mndandanda wa ansembe okha

Akonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndinenepo za mmene timasungira mbiri ya maparishi athu a Katolika, makamaka kuno ku Salima kumene tauni ikukula ndipo akhristu tili pakalikiliki kusonkha ndalama zomangira matchalitchi aakulu m'malo mwa akale amene atichepera.

Pa chikondwerero cha parishi pamaimirira munthu misa isanathe n'kuwerenga mbiri. Chiyambi amachinena bwino ndithu: ansembe a White Fathers anafika kwa Mponda mu 1889 n'kuchoka patapita zaka ziwiri, a Montfort anakhazika mishoni ku Nzama mu 1901, ndipo mu 1902 a White Fathers anabweranso n'kutsegula Mua kufupi ndi Mtakataka. Koma akangofika pa parishi yathuyathu, chimene timamva ndi mayina a abambo mfumu, uyu anabwera, uyu anachoka, ngati kuti makoma anadzuka okha.

Parishi ya m'tauni inakula ndi tauniyo. Njanji itafika ku Salima mu 1935, anthu anabwera kudzagwira ntchito pasiteshoni, kudzagula thonje ndi kudzachita malonda, ndipo ena anakhazikika ku Senga Bay ndi ku Chipoka chifukwa cha nyanja. Ena mwa iwo anali Akatolika obatizidwira kutali, amene anayamba kupemphera pamodzi pansi pa mitengo ndi m'makalasi a sukulu wansembe asanayambe kufikako kawirikawiri. Amene ankatsogolera mapemphero amenewo anali akatekisiti, oyenda panjinga m'matope a dzinja, ophunzitsa akalasi ndi kuika maliro, koma mayina awo simuwapeza pamwala wolembedwa uliwonse.

Tisaiwalenso kuti pakati pa 1973 ndi 1975 Ambuye Patrick Kalilombe anachititsa sinodi yaing'ono mu dayosizi ya Lilongwe, imene inalimbikitsa miphakati (timagulu ta akhristu oyandikana) ndi mpingo wodzidalira. Kuchokera pamenepo katundu anagwera akhristu eni ake. Zopereka za mtulo, masika ndi Paper Sunday ndizo zagula malata ndi simenti, ndipo mphakati uliwonse unkapatsidwa chiwerengero cha njerwa zoti uumbe ndi kuwotcha. Malemu amayi anga anatunga madzi oumbira njerwa za tchalitchi ya panthambi pathu kwa chilimwe chonse, mwana ali kumbuyo, ndipo mmisiri amene anakhoma denga anali Msilamu woyandikana nafe amene anatsitsa mtengo chifukwa cha chinansi. Zoterezi ndiye mbiri ya mpingo m'dera ngati lino, ndipo amene akuzidziwa akutha m'modzim'modzi.

Pempho langa likupita kwa makhonsolo a maparishi ndiponso kwa akuluakulu a arkidayosizi ya Lilongwe, motsogozedwa ndi Ambuye George Tambala. Achinyamata athu ali ndi mafoni m'manja. Atumidwe kwa agogo a bungwe la Legio ya Maria, kwa akatekisiti opuma ndi kwa oyimba kwaya akale kuti akajambule mawu awo, ndipo zonenedwazo zilembedwe m'Chichewa. Mabuku a ubatizo, ulimbitso ndi ukwati ajambulidwe tsamba ndi tsamba, pakuti chiswe ndi madzi osefukira sizisankha pepala, ndipo ife a kunyanja kuno tikudziwa zimene mvula imachita. Tchalitchi yakale isagwetsedwe isanajambulidwe mkati ndi kunja, ndipo ngati makoma ali olimba, isandutsidwe holo kapena malo a gulu la ana la Tilitonse.

Wina anganene kuti ndalama n'zochepa ndipo denga latsopano ndilo lofunika msanga. Sindikutsutsa, koma ntchito ndikunenayi sikudya ngakhale mtengo wa matumba khumi a simenti. Ku Mua, Bambo Claude Boucher anayambitsa KuNgoni, malo osungira chikhalidwe ndi zaluso, mu 1976, ndipo lero alendo amachokera kutali kudzaona zimene zinasungidwa kumeneko. Ife tingayambe ndi kope limodzi pa mphakati uliwonse, Lamulungu likubwerali.

Mkhristu wa ku Kamuzu Road,
Salima